Mlimi Nambala 47

Chinthu choyamba chimene Mayi Immaculata anaona bwinobwino, madokotala a ku Nairobi atawachotsa ng'ala m'diso, chinali kapinga. Anali kapinga wa theka la ekala, wobiriwira ngati nazale ya mpunga, kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo Masauko ku Runda, dera la anthu olemera mumzindamo. Pakati pake panali kachitsulo kozungulira, kakulavula madzi kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kufika paliwombo.

"Mudzakolola chiyani pamenepa?" anafunsa.

"Palibe, alamu," anayankha Lorna, mkazi wa Masauko. "Ndi wongokongoletsa pakhomo."

"Nanga mbuzi zili kuti?"

"Kuno salola ziweto."

Mayi Immaculata anagwira pakamwa. Kwawo ku Nkhotakota, pa sikimu ya mpunga ya Chikwatula, anthu ankatulutsirana makasu chifukwa cha madzi osakwana theka la amenewa. Ngalande yaikulu ya sikimuyo inali itagumuka malo awiri, ndipo mvula iliyonse ankaimata ndi matope ndi makungwa a nthochi, kenaka n'kupemphera.

Pa sikimupo iwo anali ndi puloti ya ekala imodzi. Anaigumula okha ndi malemu amuna awo a Matthews, misundu ikuwayamwa miyendo. Mpunga wa puloti imeneyo ndi umene unaphunzitsa Masauko, chitsiriziro cha mayi awo, mpaka anakhala Dokotala. Sanali dokotala wa jakisoni ayi, anali wa mapepala. Ankagwira ntchito kubungwe lina la maiko ambiri loona za ulimi, ndipo ntchito yakeyo inali yoyeza alimi. Mmene ankawayezera ali ku Nairobi, alimiwo ali kumatope, Mayi Immaculata sankadziwa, ndipo analibe nthawi yofunsa. Chinali chaka cha 2001, mwezi wa Febuluwale, mpunga uli pofuna kupalira, iwo atakhala pampando wofewa kudikira diso.

Lamulungu, anthu atatuluka kutchalitchi, pakhomopo panafika alendo. Ambiri anali Amalawi a m'mabungwe ndi akazi awo. Panalinso bwana wa Masauko, mzungu wamtali dzina lake Spencer, munthu woyamba kuseka nkhani isanathe. Patebulo panali nkhuku, nyemba, ndi mpunga wa kilombero umene fungo lake linakafika kwa mlonda wa pageti.

"Mpunga wa pishori wa kuno ku Mwea ndi wabwino ndithu," anatero mlendo wina akuonjezera m'mbale, "koma uwu ndi wina."

A Spencer anati ana awo anasiya kudya mpunga wina uliwonse. Mayi Immaculata anamva ndithu. Anafika Sitandade 6 kwa masisitere, ndipo Chingerezi ankachigwira chikamayenda pang'onopang'ono. Koma anangodzionetsa ngati sakumva, chifukwa munthu amadziwa zambiri akamaoneka mbuli.

"Achemwali, nkhani tili nayo kuofesi ndi ya kwanu komwe," anatero Masauko atapukuta pakamwa. "Bungwe lathu lavomera kumanga ngalande ya Chikwatula ndi simenti."

Mayi Immaculata anaika supuni pansi n'kuwomba m'manja.

"Koma sitingathire simenti kuti madzi azikathera m'mapuloti a anthu ogona. Ndiye tinayeza efishensi ya alimi onse sikisite."

"Efishensi ndiye chiyani?"

"Zimene munthu walowetsa m'munda, poyerekeza ndi zimene watulutsamo."

"Ndiye kulima komwe kuja."

"Ndi kulima, eya, koma kowerengedwa ndi kompyuta."

Anafotokoza kuti maina a alimi anabisidwa, aliyense anapatsidwa nambala, moti ngakhale iye sankadziwa kuti uyu ndani. Lipoti linali litasindikizidwa kale. Lachinayi adzalionetsa kwa akuluakulu kuwekishopu, kenaka mndandanda wa alimi khumi otsalira upita ku komiti ya sikimu, ndipo komitiyo iwalanda mapuloti n'kupatsa achinyamata. Popanda zimenezo, simenti kulibe.

"Woipitsitsa ndi Nambala 47," anatero Masauko, ndipo alendo anaseka ngati watchula mnzawo wakale. "Ekala yake ndi yofanana ndi ya anzake, madzi omwewo, fetereza yemweyo. Anzake akukolola matumba pafupifupi twente. Iye naini."

"Naini!" anafuula Mayi Immaculata. "Pa ekala? Atathira fetereza?"

"Naini basi."

"Ameneyo ndi Nachisale."

Nachisale anali mayi wa puloti yoyandikana ndi yawo. Kwa zaka makumi awiri ankakangana za mzere wa malire, umene chaka chilichonse unkasendera chikhatho chimodzi kulowera kwa Mayi Immaculata popanda munthu wouona ukuyenda.

"Amawoka mbande ngati akuthawa njoka, apa zitatu, apo khumi," anapitiriza. "Tsiku la madzi a anzake ndi limene amatsegula kwake. Mulandeni. Musachedwe n'komwe. Munthu wotero akuwononga madzi a Mulungu."

Masauko anamasulira, ndipo a Spencer anamenya tebulo ndi chisangalalo. Anati izi ndiye zimene zinkasowa m'lipoti: mawu a mlimi weniweni. Anapempha kuti mayiwa adzabwere Lachinayi adzalankhule pang'ono, ndipo ngati n'kotheka adzavale chitenje ndi duku.

"Akuganiza kuti ndikanavala chiyani, buluku?" anatero Mayi Immaculata. Izi Masauko sanamasulire.

Anthu akumaliza kudya, panafika mlendo wochedwa, fumbi lili m'nsapato. Anali Tionenji, mtsikana wa ku Dowa amene ankaphunzira zaulimi kuyunivesite ku Kahawa. Anati minibasi yoyamba inafera panjira, yachiwiri inakana kulowa ku Runda, ndiye anamaliza ulendo wapansi. Lorna anamutengera kukhitchini kuti akadye, ndipo Mayi Immaculata, amene nkhani za patebulo zinali zitawakwana, anatsatira.

Mtsikanayo atangopereka moni, mayiwo anapendeketsa mutu.

"Mawu akowa ndikuwadziwa. Nkhope ayi, nthawi imeneyo ndinkaona utsi wokhawokha. Si iwe unabwera ku Chikwatula mu Ogasiti ndi fayilo, nsapato imodzi n'kutsala m'matope?"

Tionenji anasiya kutafuna. "Ndine, mayi. A Dokotala ndi amene anandituma kukatenga manambala. Koma inu... inu ndi achemwali awo?"

"Bere limodzi. Dzina ndimalembetsa la malemu amuna anga. Tsono tandiuza, Nambala 47 ndi Nachisale, eti?"

"Sindiloledwa kutchula maina, mayi."

"Ndani wati utchule? Ungogwedeza mutu."

Tionenji anapukusa mutu. Anayang'ana kuchitseko, anayang'ana m'mbale, kenaka anafunsa motsitsa mawu.

"Mayi, tsiku lija munandionetsa matumba angati?"

Mayi Immaculata anakumbukira. Mtsikana anafika masana, anafunsa za zokolola, iwo anatsegula chipinda chosungiramo mpunga n'kumuuza kuti aone yekha. Mtsikanayo anawerenga ndi cholembera. Limodzi, awiri, atatu. Anathera pa naini.

Mayi Immaculata anakoka mpando wa m'khitchini n'kukhala.

"Unafunsa zokolola, ndinakuonetsa zimene zinali m'nyumba."

"Nanga ena anali kuti?"

Mayiwo analoza ndi milomo kuchitseko, kumene kunkamveka masupuni akupala mbale.

Nkhani yake inali yotere. Chaka chimene Masauko anasamukira ku Nairobi, anam'tumizira thumba limodzi pa lole ya munthu wa kwawo woyenda ku Dar es Salaam, kuti mwana asaiwale kwawo. Chaka chotsatira kalata inati abwana aukonda, muonjezere limodzi. Kenaka a kutchalitchi. Kenaka phwando la Amalawi la pa 6 Julaye. Chaka chilichonse, akangomweta ndi kuwomba, ankayamba apatula wa ku Nairobi, kukapunthitsa kuchigayo, kusoka matumba ndi kukweza pa lole. Tionenji anafika lole itapita kalekale.

"Bwanji simunandiuze, mayi? Pafomu panali malo a mpunga wopatsa ena."

"Unandifunsa, ndinati palibe."

"Chifukwa?"

"Iwe, kwanu ku Dowa amawerenga chimene mwana wa mayi ako wadya? N'kuuza mlendo, mlendo n'kulemba papepala? Ndine wa golosale ine? Chopatsa mbale chikatuluka pakhomo chatuluka. Ukachiwerenga ndiye kuti ukufuna chim'tsamwe."

Tionenji anati n'zoona, kwawonso n'chimodzimodzi, kungoti kompyuta sinauzidwe.

Lolemba m'mawa Mayi Immaculata anam'peza Masauko akumanga tayi pagalasi. M'khonde munali makatoni a malipoti, mazana awiri, onunkhira inki. Pachikuto panali chithunzi cha mayi akumwetulira m'munda wa mpunga, atagwira zenga chogadamiza.

"Iwe Masauko. Nambala 47 ndine."

Tayi inatsala m'manja. Anawauza kuti asaseke ndi zinthu za ntchito. Iwo anamuuza za Tionenji, za chipinda, za lole. Masauko anakhala pakatoni.

"Achemwali, bwanji simunanene?"

"Ndinene chiyani? Kuti mlongo wanga amadya?"

"Koma dzulo inu nomwe munati timulande!"

"Dzulo anali Nachisale. Lero konza pepala lakolo."

Masauko anatsegula lipoti limodzi. Nambala 47 anali patsamba lachitatu, analinso pakati, analinso kumapeto. Mzere wonse wa chithunzi chachikulu unkatsetserekera kwa iye ngati madzi opita kudambo. Kumuchotsa 47 kunali kugwetsa lipoti, ndipo lipotilo linadya miyezi khumi ndi isanu ndi itatu ndi maulendo anayi a pandege.

"Ndiye a Spencer akamva kuti mlimi woipitsitsa ndi mchemwali wanga, ndipo mpunga wosowawo unathera patebulo langa, ine ntchito ndilinso nayo? Adzati ndinadya umboni."

"Sunadye wekha."

"Tamverani. Ndiimbira foni tcheyamani wa komiti mwakachetechete, akudumpheni."

"Tcheyamani ndi mlamu wake wa Nachisale. Pepala la chidindo cha azungu likafika m'manja mwake, foni yako adzaimva? Tsiku lomwelo mwana wa Nachisale ali m'puloti mwanga ndi khasu."

"Ndiye ndikumangirani kagolosale pamsewu. Mwakula, achemwali. Disonso ili. Matope akwana."

Mayi Immaculata anamuyang'ana ndi diso latsopanolo mpaka Masauko anaweramitsa mutu.

"Ekala imene ija ndi imene inakuveka tayiyo. Ine ndikakhale pawindo kugulitsa machesi, Nachisale akumweta mwanga?"

Masauko anati aganizira. Kuganizira kwake kunali kwakuti madzulo anabwera ndi pepala lotayipa la mawu oti iwo akanene Lachinayi. Mayiwo analiwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mzere. Linkati ife alimi tikuthokoza bungwe potitsegula maso. Analipinda kanayi n'kuchirikizira mwendo wa tebulo umene unkagwedera.

Masiku awiri anazungulira kapinga uja ngati nkhuku yofuna poikira. Njira yopulumutsira puloti inali imodzi yokha: kuimirira pagulu n'kuwerenga thumba ndi thumba zimene mlongo wawo anadya. Akaganiza zimenezo, ankamva mawu a malemu mayi awo m'khutu. Akaganiza zokhala chete, ankaona Nachisale akusuntha mzere wa malire ulendo womaliza, osati chikhatho chimodzi koma ekala yonse.

Lachitatu Lorna anawaitanira kugalaja. Kuseri kwa matayala akale kunali matumba opanda kanthu, opindidwa bwino. Mayi Immaculata anawazindikira msanga. Chaka chilichonse ankasoka kukamwa kwa matumba ndi ulusi wa mtundu wake, kuti mpunga wakale usasokonezeke ndi watsopano. Wa chaka chatha unali wofiira.

"Awa ndi amene tinadya muno," anatero Lorna. "Enawo ndinaperekeza ndekha pagalimoto, khomo ndi khomo, ngati ndine wa kampani. Ku Lavington, ku Gigiri, konsekonse. Kwa a Spencer kokha kunapita..."

"Osanditchulira nambala, alamu."

"Pepani."

"Koma anthu akewo mawa adzakhalako?"

"Onse. Kumene kuli tiyi wa bungwe sajomba."

Mayi Immaculata anatola thumba limodzi, analikung'untha fumbi, n'kulipinda mpaka linakwana m'chikwama cha kutchalitchi.

Wekishopu inachitikira m'hotela ina ku Lavington. Munthu aliyense anali ndi botolo la madzi, mbale ya maswiti ndi kapepala ka dzina pachifuwa. Ka Masauko kanali ndi mizere itatu. Ka Mayi Immaculata kanangolembedwa kuti Mlimi. Anawakhazika kutsogolo pafupi ndi maluwa, ndipo ojambula anawajambula kasanu asanamwe n'komwe madzi.

Analankhula anthu anayi. Pakati pa wachiwiri ndi wachitatu panali tiyi ndi masamusa, pakati pa wachitatu ndi wachinayi panalinso tiyi. Kenaka Masauko anaimirira, anazimitsa magetsi, ndipo pakhoma panaoneka timadontho sikisite. Tambiri tinaunjikana pamwamba ngati mpheta pa mpunga wakucha. Kamodzi kanali pansi pakokha, ngati ndowe ya mbuzi pabwalo losesa. Masauko anakaloza ndi ndodo osakayang'ana, mawu ake akuthamanga.

A Spencer anayatsa magetsi n'kunena kuti tsopano timve kuchokera kumunda.

Mayi Immaculata anaimirira, anakonza chitenje, n'kunena m'Chichewa: "Kadontho kapansi kaja ndine. Ndine Nambala 47."

Masauko anauza anthu m'Chingerezi kuti mayiwa akuti akondwa kwambiri kukhala pano.

Amalawi amene anali m'chipindamo anayang'ana pansi. Wina anatsokomola.

"Tionenji," anaitana mayiwo, "tabwera kuno, mwanawe. Mlongo wangayu Chingerezi cham'thawa."

Tionenji anachoka pakompyuta pamene anam'khazika, anaimirira pambali pawo, ndipo anamasulira mawu ndi mawu, osachotsa, osaonjezera. Mayi Immaculata anatsegula chikwama, anatulutsa thumba, analitambasula kuti aliyense aone ulusi wofiira.

"Mtsikanayu anapeza matumba naini m'nyumba mwanga, sananame. Ena anali atatuluka kale. Kwathu chopatsa mbale sitiwerenga, ndipo lero sindiyamba. Koma inu ndinu anthu owerenga. Ena mwakwera ndege kudzawerenga. Ndiye werengani nokha. Amene m'nyumba mwake munalowa thumba la ulusi wotere chaka chatha, akweze dzanja."

Palibe anagwedezeka. Kenaka a Spencer anayamba kuseka, monga mwa chizolowezi chawo, nkhani isanathe. Anakweza dzanja, anaganiza pang'ono, n'kutambasula zala ziwiri. Bwana atakweza, manja ena anapeza mphamvu. A Morris a ku ofesi ya zamaulendo anakweza. Mayi wina wa ku Kenya, wotayipa makalata, anakweza n'kunena kuti lake anagawana ndi apongozi ake ndipo apongoziwo akufunsabe. Mkulu wa mpingo wa Amalawi anakweza mwaulemu, chigongono chili patebulo. Kumbuyo kwenikweni Lorna anaimika zala zitatu, mwamuna wake akumuyang'ana ngati wam'gulitsa.

Mayi Immaculata anatembenukira kukhoma n'kutseka maso onse awiri, latsopano ndi lakale lomwe.

"Werenga, mwanawe. Ine sindikuona."

Tionenji anawerenga. Anati ndi matumba eyiti a mpunga wopuntha, ndipo kuti mupeze eyiti opuntha mumalowetsa thwelofu kuchigayo. Kuphatikiza ndi naini aja, twente wanu. Anabwerera pakompyuta, anagogoda pang'ono, ndipo kadontho kaja kanachoka pansi n'kukakhala pamwamba, kachitatu kuchokera kunsonga. Mzere waukulu wa Masauko, posowa potsetserekera, unangoti gone ngati munthu wokomoka.

Pulofesa wina wa ku West Africa, wa mkanjo woyera, anafunsa ngati alimi ena asanu ndi anayi otsalirawo nawonso anabisa mpunga.

"Palibe anabisa," anayankha Mayi Immaculata. "Ine maina sindikuwadziwa, koma ndikuuzani. Mukawafufuza mudzapeza kuti uyu ali ndi mwana ku Blantyre, uyu mlongo ku Lilongwe, uyu mphwake ku Joni. Amene mwawaika pansiwo ndi amene anaphunzitsa ana. Mwana akaphunzira amapita kutauni, ndipo kutauni mpunga sumera. Amene ana awo anathawa sukulu, mpunga wawo uli m'nyumba, mukhoza kuuwerenga tsiku lililonse."

Tionenji anayang'ana m'fayilo mwake, anatsegula masamba angapo, ndipo sanatsutse.

Masauko anali ataima pakona, ndodo ili m'manja, thukuta likutsikira m'kolala. Ankaoneka ngati munthu amene akuwerenga m'mutu makatoni ofunika posamuka. A Spencer anapita kwa iye ndi mapazi aatali, ndipo Mayi Immaculata anam'dera nkhawa mlongo wawo, chifukwa mwana ndi mwana ngakhale akhale wopusa.

Koma a Spencer anam'gwira dzanja n'kuligwedeza ngati akupopa madzi pa mjigo. Anatembenukira kwa anthu, nkhope ikuwala, n'kunena kuti lero bungwe latulukira chinthu chatsopano chimene palibe katswiri anachilembapo: mpunga woyenda m'njira za ubale. Anachipatsa dzina lalitali la Chingerezi limene ngakhale Tionenji analephera kulimasulira. Anati pafunika kafukufuku wina wa zaka zitatu, m'maiko anayi, ndipo woyenera kumutsogolera ndi Dokotala Masauko, amene waonetsa kuti nkhaniyi akuidziwa kuchokera m'kati. Mndandanda wa alimi khumi uja sutumizidwa ku komiti mpaka kafukufukuyo atatha. Anthu anawomba m'manja mpaka mabotolo anagwedera.

Mayi Immaculata anakoka Tionenji pamkono. "Ndamva bwino? Puloti salanda?"

"Salanda, mayi. Zaka zitatu."

"Zikatha?"

"Kafukufuku akatha amabala mnzake."

"Chabwino. Tafunsa za ngalande."

Tionenji anafunsa. A Spencer anati funsolo ndi labwino kwambiri, ndipo ngalande, mwachidziwikire, idikira zotsatira za kafukufuku. Kenaka belu la chakudya chamasana linalira.

Mayiwo anaimirira anthu asanatuluke. "Uwauze kuti matumba anga abweze. A ulusi wofiira, wabuluu, wachikasu, onse. Mpunga ndinapereka, matumba sindinapereke."

Pofika Loweruka magalimoto a nambala zofiira za mabungwe anali atasinthana pageti la ku Runda, madalaivala akutsitsa matumba. Ena anabwera ochapidwa ndi kusitidwa. A kwa a Spencer anabwera ndi ubweya wa galu, ndi kakalata kopepesa kuti galuyo sagona pena paliponse. Mayi Immaculata anakhala pakhonde kuwamanga mitolo ndi chingwe.

Masauko anafika n'kuima chapatali, manja kumbuyo, ngati mmene ankaimira ali mwana akaswa mtsuko.

"Mukawatani matumba onsewa, achemwali?"

"Tikathiramo mchenga, titseke pogumuka paja. Simenti yako ili ku sukulu zaka zitatu."

Masauko anasendera pafupi. "Nanga chaka chino... lole ibwera?"

"Ibwera. Iwe udya, mlamu wanga adya, ana adya. Runda yense akagule pishori."

Masana Tionenji anabwera kudzatsanzika ndi kupatsira kalata ya kwa makolo ake. Mayi Immaculata anam'khazika pamtolo wa matumba, anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Unati ndine wachitatu. Woyamba ndikum'dziwa, ndi bambo uja wopanda mkazi, wopanda mbale, amene amagona m'munda. Wachiwiri ndani?"

"Mayi, sindiloledwa..."

"Ungogwedeza mutu. Si Nachisale, eti?"

Tionenji anayang'ana kapinga. Kachitsulo kaja kanazungulira kamodzi, kawiri. Kenaka mutu unagwedera, pang'ono pokha.

"Angati?"

"Twente thu."

"Thumba limodzi! Ndi mbande zake zothawa njoka zija? Ndi chikhatho cha puloti yanga chimenecho!" Anamanga mfundo ya chingwe mwamphamvu mpaka chinalira. Anawerengera chamumtima, milomo ikuyenda. Kenaka anati: "Fayilo ija wabwera nayo?"

"Ili m'chikwama."

"Tulutsa. Pali matumba awiri amene ndinapereka kutchalitchi pa masika."

"Koma mayi, munati chopereka sawerenga."

"Ndinati chopatsa mbale. Abambo mfumu ndi ochokera ku Dedza, si mbale wanga. Lemba awiri."